Nambala ya ku Joni Imene Ndinaitsekera Kunja

Monire mose, abale ndi alongo. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndilankhula m'Chichewa. Chitumbuka changa mukuchidziwa, ndipo lero sindikufuna kuti museke.

Ambiri mumanditcha a Adimini. Dzina langa ndine Mbewe, kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno ku Jenda pa ntchito ya zaumoyo, yokweza ana sikelo ndi kuyendera zitsime m'midzi. Ana anga onse anabadwira kuno. Sindine munthu wa mawu ambiri. Ndaima pano chifukwa pali chinthu chimene ndinachita, ndipo ambiri a inu mukudziwa theka lake lokha.

Mpingo utatsegula gulu la pa foni, a Jere, mkulu wa mpingo wathu, anati ndikhale woyang'anira. Anati, "A Mbewe sapupuluma. Mbwenu akhale iwo." Ndinakondwa mumtima, ngakhale sindinaonetse. Gululo linali la mauthenga a odwala, a maliro, ndi masiku osesa kutchalitchi. Ana athu a ku Joni nawo analowamo kuti azimva za kumudzi. Linki yolowera inali ndi aliyense, ndipo aliyense ankapatsa mnzake.

Poyamba zinali bwino. Kenako zinyalala zinayamba kulowa. Mabandulo aulere, dinani apa. Ntchito kunja kwa dziko, tumizani chithunzi cha chiphaso chanu. Mankhwala ochiza shuga pa masiku atatu. Uthenga wakuti ukapanda kuutumiza kwa anthu khumi, udwala. Ndikadzuka m'mawa, kufufuta. Masana ndili pa sikelo, kufufuta. Tsiku lina uthenga wa maliro a ku Embangweni unakwiririka pansi pa zinyalalazo, ndipo ena anaumva anthu atabwerako kale kumanda.

Zimenezo ndinkapirira. Chimene sindinapirire ndi munthu mmodzi.

Analowa ndi nambala ya ku Joni, wopanda dzina, wopanda chithunzi. Iyeyu sankagulitsa kanthu. Ankangonyoza. Amayi a kwaya akaika chithunzi, iye ankalemba kuti, "Malaya oyera, mitima ya makala." A Jere akalalikira, iye ankati, "Yewo adada, lero tagona bwino." Anthu ankamuyankha, iye n'kumaonjeza, mkangano n'kufika madzulo. Ndinamuchotsa. Anabwera ndi nambala ina. Ndinamuchotsanso. Anabweranso! Ulendo wachitatu anatembenukira ine. Analemba kuti, "A Adimini a ku Dedza, zaka zonsezi moni wa Chitumbuka ukukukanikani. Kasamaleni sikelo yanu. Gulu ili lili ndi eni ake."

Anthu ena anaikapo tinkhope toseka. Ndinawerenga mayina awo mmodzimmodzi. Ena mwakhala pompano. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungonena kuti zinandilasa.

Mkazi wanga anati, "Bambo, musiyeni. Akapanda kuyankhidwa atopa yekha." Sindinamve. Tsiku lomwelo ndinatseka linki, ndi kuchotsa nambala zonse za ku Joni. Zonse, abale anga. Zonse! Sindinafunse a Jere. Sindinaimbire munthu. Ana obatizidwa m'tchalitchi muno, amene makolo awo mwakhala apa, ndinawachotsa chifukwa munthu mmodzi anandinyoza. Ndinalemba m'gulu kuti ndachita izi pofuna kuteteza mpingo. Linali bodza. Ndinkateteza nkhope yanga.

Gulu linakhala chete, laukhondo. Ena anandiyamika. Ndinayenda ndi mapewa okwera.

Patapita milungu iwiri, Lachiwiri m'mawa, ndili pa sikelo pansi pa mtengo wa mango, uthenga unalowa kwa ine ndekha. Nambala ya ku Joni, yopanda chithunzi. Unati: "Adada Adimini, ndine Khumbo. Ndimakhala ndi Vitumbiko, mwana wa a Nyashaba. Akudwala chomene, ali m'chipatala. Amama alibe foni. Ndapota, apititsireni foni yanu alankhulane."

A Nyashaba mukuwadziwa. Ali apo, mzere wachiwiri, ndodo yawo ili pambali. Andilola kunena zimenezi. Nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wa ku Embangweni. Lachinayi lililonse ndimadutsa pakhomo pawo pa njinga popita kukayendera zitsime.

Ine ndinati mumtima, wabweranso uja. Tsopano akufuna ndipalase njinga, ndikaopseze munthu wachikulire, kenako aseke. Sindinayankhe. Masana anaimba. Ndinaiyang'ana foni ikulira mpaka inasiya. Lachitatu anatumiza uthenga wa mawu. Sindinautsegule. Ndinangolemba yankho. Ndilinena monga momwe ndinalilembera, chifukwa ndikalikongoletsa ndiye kuti ndabwera pachabe. Ndinalemba kuti, "Pita ukanamize agogo ako. Kuno takudziwa." Ndipo ndinamubuloka.

Lachinayi ndinadutsa pakhomo pa a Nyashaba. Anali panja, akutonola chimanga. Ndinawapatsa moni ndili pa njinga, iwo anakweza dzanja. Foni inali m'thumba la malaya, apa pamtima. Uthenga uja ndinaukumbukira. Ndikanatsika. Ndikanangofunsa kuti, "Amama, Vitumbiko mwamva za iye?" Sindinatsike, abale anga. Ndinapalasa.

Vitumbiko anamwalira Loweruka.

Uthenga wa maliro unabwera kudzera mwa anthu ena a kuno amene ali ku Joni. Ndi ine ndemwe ndinaulemba m'gulu, ndi manja omwewa. Ndinalemba bwino, mwaulemu, ndi vesi pansi pake.

Mtembo unafika pa galimoto patapita masiku, ndipo Khumbo anabwera nawo. Ndi bambo wa ku Rumphi, kuno sadziwa munthu. Ife amuna tinakhala pansi pa mitengo, amayi ali m'nyumba. Ndinamva Khumbo akufunsa kuti, "A Adimini ndi ati?" Wina analoza. Anabwera, nanjuta pambali panga, nandipatsa moni ndi manja awiri. Kenako anandionetsa foni yake. Mawu anga aja anali pamenepo.

Anati chapansipansi, "Adada, foni ya Vitumbiko inatayika tsiku limene anagwa kuntchito. Nambala yanu ndinaipeza pa kapepala m'Baibulo lake. Anati inu mumadutsa pa amama Lachinayi lililonse."

Ndinamubwezera foni yake.

Anapitiriza kuti, "Vitumbiko anandifunsa kuti mwayankha chiyani. Sindinafune kunamiza wodwala. Ndinamuwerengera."

Ndinafunsa, "Anati chiyani?"

"Anati, a Mbewe si otero. Mwina foni yagwidwa ndi munthu wina. Uyesenso mawa."

Abale ndi alongo, munthu akakutukwana, umapeza poimira. Koma munthu wakufa akakuikira kumbuyo, umaima pati? A Mbewe si otero! Ndinali wotero. Ndinali wotero ndithu.

Khumbo sanauze munthu. Anabwerera ku Joni, chinsinsi chinatsala ndi ine. Miyezi iwiri ndinakhala nacho. Ndinkabwera muno, kuimba nanu, kufufuta zinyalala m'gulu monga kale. Pa Mgonero ndinkanamizira ntchito. Lachinayi ndinasintha njira. Ndinkazungulira kudambo, njira yamatope, kuti ndisadutse pakhomo paja. Kupemphera kunkakanika. Ndikati Atate wathu, mawu ankathera pakhosi.

Tsiku lina mkazi wanga akuchapa buluku langa anati, "Bambo, matope awa ndi a kudambo. Msewu wa ku Embangweni watsekedwa liti?" Ndinamuuza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni. Kenako anati, "Ine simunandilakwire. Khomo lake mukulidziwa."

Ndinapita kwa a Jere. Atamva, anavula magalasi, nakhala nthawi yaitali akuwapukuta. Anati, "Kuno munthu sapita yekha kukapepesa mlandu wotere. Pezani nkhuku. Tipitira limodzi."

Tinapita Lolemba masana. A Jere anakhala pa kampando, ine ndinakhala pansi. Nkhuku ndinaiika patsogolo panga, yomanga miyendo. Ndinkanena m'Chichewa, a Jere akutembenuza. Nditafika pa yankho langa lija, a Jere anandiyang'ana, ngati akufunsa kuti kodi nalonso ndinene. Ndinati nenani.

A Nyashaba sanalire. Sanakalipe. Anangoyang'ana pansi. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: mwana wawo ankafuna kunena chiyani?

Apo m'pamene ndinakumbukira uthenga wa mawu uja. Unali m'foni mwanga nthawi yonseyi, wosatsegula. Ndinkauopa. Ndinatulutsa foni ndi kudina.

Sanali Khumbo. Anali Vitumbiko mwini wake. Mawu ofooka, kupuma kovuta. Anati, "Amama, ndine Vitumbiko. Nkhukhumba waka kupulika mazgu ghinu." Ankangofuna kumva mawu a mayi ake. Kenako anatsokomola, nafunsa ngati mbuzi ija inaswa. Basi. Uthenga wonse ndi womwewo.

A Nyashaba anaweramira pa foni, nayankha ngati mwana akumva. Anati, "Yababa, dada. Tuwiri." Yaswa, tiana tiwiri.

Ine ndinalira, munthu wamkulu, pamaso pa a Jere. A Nyashaba anati ndibwerezenso uthengawo. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso. Kachitatu katatha anaimirira ndi ndodo yawo, nati, "Mwandiuza. Mbwenu pitani." Nkhuku sanaikhudze. Ndinabwerera nayo pa njinga. Inu eni dziko mukudziwa tanthauzo lake. Mlandu unali usanathe.

Lachinayi lotsatira ndinalimba mtima, ndinadzera kumsewu. A Nyashaba ndinawaona patali. Anali ataima pakati pa njira, ndodo atatambasula ngati wapolisi wa pamsewu. Ndinatsika. Anandilankhula m'Chichewa chawo cha apa ndi apo, kuti ndimve ndekha popanda wotembenuza. Anati, "A Adimini, mwana wanga ali m'thumba mwanu. Mukufuna kudutsa naye?"

Tinakhala pakhonde. Ndinawaseweretsa uthenga uja. Anamvetsera, nayankhanso za mbuzi. Ndikunyamuka anandigwira dzanja, nati, "Inu ntchito yanu ndi kufufuta. Uyu musadzafufute."

Kuyambira tsiku limenelo, Lachinayi lililonse ndimaima. Ndimamva mawu a munthu amene ndinamutsekera kunja. Sizinasiye kupweteka, ndipo sindipempha kuti zisiye. Mwezi wachitatu uli mkati, tsiku lina titamaliza, anandifunsa kuti, "Nkhuku ija munadya?" Ndinati ayi amama, ikadalipo. Anati, "Bweretsani. Ndilibe ya mazira."

Aleluya! Abale anga, mawu akuti ndakukhululukirani sanawanene. Anati bweretsani nkhuku. Ndinapalasa njinga tsiku limenelo ngati mwana wa sukulu. Madzulo ake ndinagwada, ndipo Atate wathu anatuluka mpaka pa Amen.

Ndinapempha a Jere kuti andichotse pa udindo. Anakana. Anati, "Mbwenu tiike wina kuti nayenso alakwe chimodzimodzi? Khalani, mukonze."

Ndinayamba ndi ana a ku Joni. Ndinawaimbira mmodzimmodzi, kupepesa, ndi kuwabwezera m'gulu. Ena anaseka. Mmodzi anandiuza mawu owawa, ndipo ndinawalandira. Tsopano oyang'anira tilipo atatu, mmodzi ndi mlongo wathu amene ali ku Joni komweko, wodziwa anthu a kumeneko. Wofuna kulowa amabwera ndi munthu womudziwa. Mabandulo aulere ndi mankhwala a masiku atatu timafufuta, osakambirana. Koma munthu sitimuchotsa tisanamuimbire ndi kumva mawu ake. Uthenga wa matenda kapena maliro, ngakhale uchokere ku nambala yachilendo, timayamba tafufuza. Ukakhala bodza, tataya ulendo umodzi wa njinga basi.

Wonyoza uja anabweranso kawiri, tisanakhwimitse za kalowedwe. Sitikumudziwa mpaka lero. Tinagwirizana kuti pasapezeke womuyankha, ngakhale ndi kankhope koseka. Analemba, nalemba, gulu lili zii. Tinamuimbira, sanayankhe, tinamuchotsa yekhayo. Mkazi wanga anangoti, "Ndinanena." Ananenadi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye ndi bodza langa. Ndikuthokoza a Jere amene anayenda nane. Ndikuthokoza Khumbo amene sanandichititse manyazi pa maliro, ngakhale ndinali woyenera. Inu makolo amene ndinachotsa ana anu, pepani. Pepani chomene.

Amama Nyashaba, masiku anayi amene mukanalankhula ndi mwana wanu ndinakulandani ndine. Sindingawabweze. Foni iyi yakalamba, galasi lake linasweka, ana akuti ndigule ina. Ndawauza kuti uthenga uja ayambe ausunga malo atatu, ndiumve ndekha kuti ukulira, ndiye tikambe za foni yatsopano.

Lachinayi ndikubwera, amama. Ndidzatsika.

Yewo chomene. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.