Kapepala Koyera Mumfuti ya ku Lucan

Omvera anzanga, ndine mayi wosamalira okalamba kuno ku Dublin, ndipo Loweruka ndimaphunzira kuwombera chandamale ku kalabu. Bambo wina wa ku Lucan, dera la konkuno ku Dublin, ankagulitsa mfuti yakale, ija amatchera ndi chogwirira chapansi. Kunyezimira kwake! Alamu anga, amene anandiperekeza kukaiona, anandinong'oneza kuti, "Alamu, ingotengani, musatichititse manyazi kwa mzungu."

Ndinakana. Nditatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, ndinaika kapepala koyera polowera chipolopolo kuti kawalitse m'kati, n'kusuzumira mumpope wa mfutiyo, monga ankachitira malemu bambo anga, mlonda wa nyama ku Kasungu. Munali dzimbiri lokhalokha. Ndinaibweza pomwepo.

Mwiniwake anafiira nkhope. Alamu sandilankhula mpaka lero. Akwiye ndithu! Mfutiyo ikanaphulika, ikanaphulikira nkhope yanga, osati yawo.