Makalata a Ngalande ya Cañada Fría

Nazi zilengezo za lero pawailesi yathu. Mayi Eufemia Archibeque a ku Cañada Fría akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti akufunafuna Fidencio, mwana wa mchimwene wawo, wa zaka 52. Anachoka Lamlungu pa pikapu yabuluu. Akuti sanasochere ayi, wathawa. Iyeyu anatenga bokosi lachitsulo la makalata a malemu Cleofas, kholo la banjali, nkukalipereka ku laibulale ya ku yunivesite, nkusainira yekha ngati m'banjamo akulu anatha. Mawu awo ndi awa: "Iwe Fidencio, imvi mbuu koma nzeru za mwanapiye. Tuluka komwe wabisalako." Chilengezochi chachokera kwa azakhali ake, Mayi Eufemia.

Bambo Onésimo Maestas, kapitawo wa ngalande yothirira ya m'mudzimo, akuitana onse othirira ku msonkhano mawa Lachiwiri, 4 koloko madzulo, m'holo ya tchalitchi. Mlandu wa madzi uli Lachinayi. Eni nyumba zatsopano za kumunsi akuti ngalande yawo ndiyo yakale, ndipo kukhoti ngalande yakale ndiyo imayamba kumwa. Umboni wokha umene mudzi uli nawo ndi kalata ya a Cleofas yotchula chaka chimene anakumba ngalandeyi. Ikapanda kuoneka, tsabola ndi maapozi ziuma tikuona. Akuti wobwera ndi nthabwala atsale kwawo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Maestas.

A ku laibulale akuthokoza banja la Archibeque chifukwa cha mphatso. Akudziwitsa amene akhala akuimba foni kuti makalatawo ali mufiriji kuti tizilombo tife, ndipo akatuluka adikira kulembedwa m'ndandanda, ntchito ya zaka ziwiri. Wosaina yekhayo ndiye angapemphe kuti bokosi litsegulidwe msanga. Chilengezochi chachokera kwa woyang'anira zolembedwa zakale. Zaka ziwiri, anthuni! Tsabola adikira?

Fidencio Archibeque akudziwitsa azakhali ake kuti ali kuphiri kosaka, ndipo atsika Lachitatu kukasaina. Koma akuti anthu asayembekeze zambiri. "Azakhali, bokosilo linakhala zaka makumi atatu m'khola mwanu, pansi pa denga lodontha. Ndinakuuzani katatu, inu nkumati mapepala sathawa. Kalatayo ndinaiwerenga. Pamene panali chaka, mbewa zinadya kalekale. Ndinapereka kuti otsalawo apulumuke. Ndinathawa chifukwa ndinasowa poyambira kukuuzani." Chilengezochi chachokera kwa Fidencio.

Chomaliza changofika pa foni pompano. Mayi Eufemia akuti amva. Akuti za dengazo ndi zoona, satsutsa, koma mnyamatayo akadayenera kuwauza pamaso, osati pawailesi. Tsono akudziwitsa mudzi wonse kuti a Cleofas sanakumbe okha. Anakumba ndi makolo a kwa Maestas, kwa Lucero ndi kwa Quintana, ndipo onsewo ankalemba makalata. "Ine ndadyetsa mbewa madzi a mudzi, manyazi ndi anga. Nanga makalata anu ali kuti? Ena mwayalira nkhuku, ena mwatsekera mazenera, ndikudziwani. Tsegulani mabokosi lero lomwe. Pepala lililonse lotchula ngalande ndi chaka lifike kuholo mawa, louma, lathunthu. Musalipinde, musalimate ndi tepi, ndipo chonde musalisunge mmene ndinasungira ine." Chilengezochi chachokera kwa Mayi Eufemia Archibeque a ku Cañada Fría.