Mayi Doreen Makwinja, Amene Anapatsa Atsikana Bwalo

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Doreen Makwinja. Anabadwa m'chaka cha 1974 m'mudzi mwa Chimpeni, Mfumu Yaikulu Chigaru, kuno ku Lirangwe. Ine ndikuwerengane ndine Rosemary Julius, wa komiti ya makolo a timu, make Alinafe wogwira pagolo uja. Sinditalikitsa, dzuwa laswa mtengo.

Sukulu anayambira konkuno, nalekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1995 anakwatiwa ndi a Duncan Makwinja a ku Chileka, amene anabwera kudzakhala chikamwini. Malemu ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lirangwe. Anali a mpingo wa CCAP, ndipo analowa Mvano mu 1999.

Mu 2009 anayambitsa timu ya mpira wamiyendo ya Tiyese Sisters. Anayamba ndi atsikana osakwana ndi timu yomwe, mpira wake wachikulunga. Anthu ananena zambiri. Ena ankati mtsikana womenya mpira sadzabereka, ena ankati malemu akusakira amuna ana a eni. Iwo sanakangane ndi munthu. Ulendo uliwonse ankanyamula mayi wa mwana mmodzi kuti akadzionere yekha. Ine ndakwera matola a ku Madziabango, ku Lunzu ndi ku Chileka mpaka msana unatha. Lero timu ili ndi magulu atatu: tiana ta ku pulayimale, atsikana, ndi amayi. Aja ankanenedwa kuti sadzabereka ndi awo aima kuseri kwa nkhatawo, ana ali kumsana. Mu 2018 anatenga chikho ku Chileka, ndipo awiri pano akusewera m'tauni.

Kusukulu anyamata ankawalanda bwalo. Ndiye mu 2012 malemu anadula theka la munda umene mayi awo anawasiyira, kuseri kwa chigayo, napatsa atsikana. Anapereka masana, nyakwawa ilipo, abale alipo, ndipo palibe anatsokomola. Ziputu tinazula tokha amayi.

Matenda a shuga anawavuta zaka zingapo. Mu Ogasiti anagonekedwa ku Mlambe, kenako anawatumiza ku Gulupu, kumene anatisiya Lachiwiri pa 22 Okutobala 2024, ali ndi zaka 50.

Tsopano mundikhululukire, abusa. Malemu ali m'chipatala, magolo onse awiri anazulidwa. Sabata yatha tinapeza mbali ya kumtunda kwa bwalo yaungidwa mizere, yowongoka bwino, ya munthu wodekha. Aliyense tamufunsa akuti sakudziwa. Koma khasu silidzilimira lokha. Alipo amene kuchipatala sanapondeko, koma sankatopa kutifunsa ngati odwala akulankhulabe. Nthawi imeneyo tinkayesa chisoni.

Dzina sinditchula pamaliro. Ndanenera pano chifukwa mawa pa kusesa, pokambirana za katundu, ife a timu sitikhalapo, si ife a mbumba. Ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira kuno: mvula ikagwa, chimanga chikamera, wochizula ndiye amasanduka wamlandu. Chaka chamawa azidzati pamenepa mpamunda kuyambira kale, atsikana athu n'kubwerera kokangozungulira pamsika. Mitambo mwaiona nokha.

Choncho Loweruka m'mawa, ife amayi ndi ana athu tidzafika ndi makasu kudzasalaza mizereyo. Mwini wake, ngati alipo, abwere adzatiletse anthu akuona, monga malemu anaperekera anthu akuona.

Malemu asiya amuna awo a Duncan, ana atatu, Thandizo, Prince ndi Emily, zidzukulu ziwiri, ndi alongo awo awiri, a Dyton ndi a Wilson, eni mbumba, amene akhala kutsogolo kuno ndipo ndikhulupirira andimva bwinobwino.

Amayi athu a Doreen, mwatopa. Mupumule mu mtendere.