Mbale Zibwerere M'kabati

Abwana wamkulu, akuluakulu a nthambi zonse, anzanga a mu ofesi yathu yoyeza zivomezi, mayi akunyumba, ana ndi zidzukulu za bambo amene tikutsanzikana nawo lero, ndi inu amene mwangolondola fungo la chakudya: takulandirani nonse.

Andipatsa mphindi zisanu. Zisanu! Za munthu amene wandiyendetsa mutu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi? Khalani bwino pamipandopo.

Dzina lawo la pachiphaso ndinaliiwala kalekale. Kuno ndi a Wayandikira. Alendo mukudabwa. Bambo awa, mmisiri wathu wa makina, amakhulupirira kuti mwezi ukayandikira dziko umakoka nthaka mpaka kuutsa chivomezi. Ndiye akalowa pakhomo kalendala ili m'manja, moni kulibe. "Wayandikira!" Basi, tsiku limenelo ketulo pansi, makapu pansi, ngakhale chithunzi cha abwana chimatsika pakhoma. Abwana, musawayang'ane choncho, chinkabwerera inu musanafike.

Mantha amenewa anabwera nawo. Sabata yawo yoyamba, singano ya makina inayamba kuvina papepala. Bambo liwiro m'makonde, akukuwa. Nyumba yonse panja, wina nsapato imodzi, wina atasenza taipilaita. Pofufuza, chivomezicho chinali njinga yawo yomwe. Anaitsamiritsa pa chipilala cha makina, mphepo n'kumaigwedeza.

Ataona tsunami pa wailesi yakanema, mafunde akumeza nyumba, anakagula jekete yoyandamitsa munthu m'madzi, n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Anthuni, ofesi yathu ili paphiri! Kunyanja yamchere ndi masiku awiri pa basi. Ndinati, "Bambo, madzi akadzafika kuno, inu n'kupulumuka nokha, mudzapatsa moni ndani?" Iwo anangoti, "Mayi, mudzandikumbuka."

Ine ndinapita kusukulu ya zimenezi, ndiye ndinkawafotokozera mpaka mawu kusasa. Inde, mwezi umakoka madzi a m'nyanja, ngakhale nthaka imamvako pang'ono. Koma chivomezi chimabadwira m'ming'alu ya miyala pansi penipeni, ndipo tsunami amabwera chivomezi chikachitika pansi pa nyanja. Iwo amvekere, "Tilembe, tidzaone." Analembadi. Mwezi ukayandikira, m'kope. Singano ikavina, m'kope. Makope makumi atatu!

Mwezi watha anawaunjika patebulo panga. "Muwerenge onse. Mukanene zoona tsiku lotsanzikana, pamaso pa mayi akunyumba." Mawa lake mayi nawo anandiimbira foni. "Achemwali, mundithandize. Mwezi uliwonse ndimatsitsa mbale m'kabati n'kuziyala pansi. Tsopano akupuma, azikhala pakhomo tsiku lonse ndi kalendala yawoyo. Msana wanga watha." Mwaona? Banja lonse lili m'manja mwanga lero.

Bambo, ndawerenga. Masabata atatu, mpaka maso kufiira. Mwezi uli pafupi, zivomezi zimabwera. Uli kutali, zimabweranso chimodzimodzi. M'makope anu omwe, mwezi ulibe mlandu. Mwagwa nayo, bambo. Mayi, musaimbe nthungululu kaye, sindinathe.

M'kope lachisanu ndi chiwiri muli tsamba limene ndinaliwerenga katatu. Lachitatu, masana. Munalemba kuti, "Chivomezi chachikulu. Mwezi uli kutali. Sindikumvetsa." Wina akanang'amba tsambalo. Inu ayi. Chilichonse chokutsutsani munachilemba ndi dzanja lanu, simunafufute ngakhale mzere umodzi.

Koma pali chimene simunalembe, ndiye ndichinena ine. Tsiku limenelo ndinali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri, nditakhala pa desiki. Kumbuyo kwanga kunali kabati yachitsulo ija, yodzaza mafayilo, yoti amuna anayi sangainyamule. Kabati imene inu munaimangirira kukhoma ndi mabawuti chifukwa choopa mwezi, ife tikufa ndi phwete. Mpaka munalandira kalata yokuchenjezani kuti mukuboola makoma a ofesi. Nyumba itagwedezeka, madirowa anatseguka, mapepala anandikhuthukira pamutu, koma kabati inagwira. Inzake ya m'chipinda china, kumene anakukanizani kuboola, inagwa n'kudula tebulo pakati. Mwamwayi mwini tebulo anali atatuluka.

Mwana amene ndinkayembekezera uja ali ku koleji tsopano. Zaka zonsezi sindinakuuzenipo zikomo, chifukwa ndinkaopa kuti muyesa ndavomereza za mwezi. Kunyada, bambo. Ndachita manyazi powerenga tsamba limenelo. Munati ndidzakukumbukani. Ndimakukumbukani nthawi iliyonse mwanayo akandiitana kuti amayi.

Zikomo, bambo. Zikomo chifukwa cha makina amene sanagonepo m'manja mwanu. Za mwezi munaphonya, koma mabawuti munamanga zolimba, ndipo ine ndaima pano chifukwa cha iwo.

Pitani mukapume. Mwezi mukauona, muzingousirira ngati anthu ena onse. Jekete mutenge, zidzukulu zikaphunzirire kusambira.

Mayi, tsopano nthawi yanu yakwana. Mbale zibwerere m'kabati, ndipo zisadzatsikenso. Sizigwa. Kabati ya kwanu sindinaione, koma ndikudziwa amene anaimangirira.

Tonse tiimirire. M'manja mwamphamvu kwa a Wayandikira, mpaka singano ivine!