Pini yoyamba ndi dzino la achimwene

Ine, mkazi wa womangidwayu, yemwenso ndine mlongo wa wodandaula, wa zaka 43, woyesa mabolodi amagetsi pa shopu ya banja lathu, ndikunena izi:

Lachiwiri m'mawa tinkalumikiza bokosi latsopano la maswichi. M'kati mwake muli mizere yogona ndi yoimirira, ndipo pomwe yakumana pali kaswichi, kuti mita imodzi iziyesa malo ambiri pa bolodi popanda kusuntha waya. Kunja kuli pulagi ya mapini ambirimbiri, pini iliyonse ndi mzere wake.

Amuna anga anaima kumaso kwa pulagi n'kumatchula mapini kuyambira kumanzere kwawo. Achimwene anali kumbuyo, akuwotcherera mawaya kuyambira kumanzere kwawonso. Ndinawauza kuti anthu oyang'anizana manzere awo sakhala amodzi, wina azungulire tebulo aone. Tebulolo ndi lalifupi ngati chitseko. Palibe anasuntha phazi. Amuna anga anati ndikaone ngati tiyi wapsa.

Atayatsa magetsi, zinapezeka kuti mawaya asemphana, waya wa moto unali pa mzere wa mita. Panatuluka utsi. Bolodi yomwe tinkayesa inapsa. Inali ya makina opumira a pachipatala china, ndipo ankaidikira tsiku lomwelo.

Achimwene anati, "Alamu, kuwerenga munasiyira sitandade chani?"

Amuna anga anati, "Inu muno munalowera pa chitenje cha mlongo wanuyu."

Kenako amuna angawo anatola pulayala n'kuwamenya nayo achimwene pakamwa. Dzino linagwera m'bokosi la masikuluwu. Achimwene anaponya mpando. Unaphonya munthu, unaswa mita. Anagwirana n'kumagubudukira pansi, azibambo a imvi, chitsulo chowotcherera chikulendewera pamwamba pawo chili chamoto. Ndinawalumpha n'kukazimitsa magetsi pakhoma. Telala woyandikana nafe ndiye anaimbira apolisi.

Kuchipatala kuja ndinapita ndekha kukawauza kuti makina awo sayaka sabata ino. Namwino wamkulu sanandipatse mpando.

Mwandifunsa kuti anayamba kumenya ndani. Ndi amuna anga. Mwafunsanso ngati ndiwasayinira belo. Bulangeti ndawabweretsera, agone kaye. Makiyi a shopu ali ndi ine, ndipo achimwenenso, akamaliza kusokedwa mlomo, apite kwa akazi awo.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosayina: ____________ (mboni)