Zikhadabo za Amalume a Caetano

Tayesani kulota. Tsiku limene akwawo kwa Gerson anabwera kudzafunsira mbeta, kodi amalume ake a Yolanda anawalandira ali ndi zikhadabo zofiira zingati?

Yolanda anaphunzira yekha ntchito ya zikhadabo pa telefoni, ndipo chimene chinatsala kuti ayambe kukhala pa msika wa Ulongwe chinali chithunzi choonetsa anthu. Koma manja a amayi onse a pamudzipo anali atadyeka ndi kukumba mbatatesi, choncho m'mawa wa Lowerukalo anakagwira amalume akewo, a Caetano, mlembi wopuma ntchito, amene anali pakhonde atavala kale kazako, jekete yawo yakuda, kudikira alendowo.

"Amalume, ndipatseni dzanja lamanzere. Ndingomata, ndipake utoto, ndijambule, ndichotse. Alendo akubwera madzulo, nthawi ilipo yambirimbiri."

A Caetano anatsegula pakamwa.

"Ayi, musalankhule! Mukalankhula dzanja limagwedezeka. Mukhale chete mpaka ziume."

A Caetano anatseka pakamwa. Ntchentche inatera pamphuno pawo, inayendera malo onse, n'kuchoka yokha itatopa. Yolanda anapala, anamata, anapaka, lilime lili panja. Pomaliza panali zikhadabo zisanu zazitali, zosongoka, zofiira ngati tomato wa kudimba. Anajambula katatu, mtima uli mbee.

"Eya! Mutha kulankhula tsopano."

"Zikomo. Alendo sakubweranso madzulo. A Chakondwa, amalume ake a Gerson, aimba m'mawa uno kuti anyamuka kale ku Kalomwe."

"Mayo ine! Nanga bwanji simunanene?"

"Unati ndisalankhule."

Yolanda anagwira chikhadabo cha chala chachikulu n'kukoka.

"Iwe! Chala chimenecho chili ndi mwini wake!"

"Chikungochita manyazi, chichoka."

Anakokanso. Amalume onse anabwera kutsogolo pamodzi ndi mpando, chikhadabo chili pomwepo.

"Aphunzitsi ako a m'telefonimo akuti bwanji?"

"Zochotsa zili mu vidiyo yachiwiri."

"Itsegule."

"Mega za intaneti zinandithera pa yoyamba."

"Ooo," anatero a Caetano, akuyang'ana dzanja lawo ngati kalata yochokera kuboma. "Nanga kola, guluu wamatirayu, unagula kuti?"

"Kwa a Josias."

"Okonza nsapato aja?"

"Kola ndi kola, amalume. Ya zikhadabo ndi kabotolo kakang'ono ngati mankhwala a m'maso. Iyi ndi yaikulu, komanso ndi yamphamvu."

"Zoona, ndi yamphamvu. Nsapato ndavalazi anamata zaka zinayi zapitazo. Zadutsa m'matope a ku Fonte Boa, sizinamatukebe."

Zaka ziwiri Gerson akusonkhanitsa mtima ndi abale, ndipo a Chakondwa anali munthu wodziwika kuti anathetsapo ukwati wina chifukwa choti mtsikana anawapatsa madzi ataimirira. Yolanda anathamangira kukhitchini, anabwerako ndi beseni la madzi otentha.

"Viikani."

"Dzanja lonse kapena zala zokha?"

"Zala!"

"Zonse zisanu nthawi imodzi?"

"Amalume, viikani!"

Anaviika. Atavuula, zikhadabo zinali zikuwala kuposa poyamba.

"Zakongola," anatero a Caetano. "Ntchitoyi ukuidziwa."

"Musandiyamikire! Dikirani ndibweretse parafini."

Parafini anachotsa kautoto pang'ono pa kachala kakang'ono, Yolanda n'kupakanso pomwepo chifukwa sakanatha kuona ntchito yake itaonongeka.

"Kodi tikuchotsa kapena tikuika?"

"Tikuchotsa! Koma zichoke zili bwino."

"Tsopano ndikununkha ngati nyali. Wina akayatsa fodya pafupi, maliro ayambira pa ine."

Patali panamveka njinga yamoto ikukwera chitunda, kenaka inanso pambuyo pake. Yolanda anaponya nsanza pansi.

"Chabwino. Dzanjalo liikeni m'thumba. Ndinasankha lamanzere dala. Moni mupereka ndi lamanja."

"Ndipo lamanzere likhala kuti?"

"M'thumba, ndanena!"

"Mwanawe, munthu wamkulu ukamamupatsa moni, dzanja lamanzere limagwirizira pa mkono wamanja. Ndipereke moni kwa a Chakondwa dzanja lili m'thumba ngati wosintha ndalama wa pa Kalomwe?"

"Lero lokha."

"Nanga akamaliza kunena mawu awo, ndiomba m'manja ndi chiyani? Ndi tsaya?"

"Ombani pa bondo!"

"Pa bondo amaomba oimba kwaya."

Yolanda anang'amba chidutswa cha chitenje chakale.

"Ndikumangani. Mukanene kuti mwadzitema ndi chikwanje."

"Sindinadziteme."

"Mungonena chabe!"

"Akandifunsa kuti chinali chikwanje cha yani?"

"Chanu!"

"Changa anabwereka a Nikolasi. Mudzi wonse ukudziwa."

"Ndiye cha amayi!"

"Cha mlongo wanga n'chobuntha, sichingateme ngakhale nthochi yakupsa. Koma ngati ukufuna kuti ndinene zoona, kachitenge, tiyesere. Zitenga nthawi."

"Ambuye Yesu, nditengeni lero lomwe!"

"Usaitane alendo ena, awa sitinawalandire."

Njinga zinazima pabwalo. Kunamveka mawu a amayi ake a Yolanda akulandira alendo, kukoka mphasa, kuthamangitsa nkhuku. Yolanda anakokera amalume ake m'nyumba, natseka chitseko, nakhala pansi, misozi ili lengelenge.

"Basi, ukwati wanga watha. Adzati kwawo kwa mtsikanayo amalume ake amavala zikhadabo. Nkhaniyi ikafika ku Dedza ine ndisanadye n'komwe."

"Ndikawauza kuti wandiika ndiwe."

"Ndiye mukuganiza kuti zithandiza?"

"Sindinati zithandiza. Ndati ndikawauza."

A Caetano anatambasula manja onse awiri pafupi ndi zenera. Anayang'ana lamanzere, anayang'ana lamanja, anabwereranso ku lamanzere. Nkhope yawo inachita mdima kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Ayi. Chonchi sindingatuluke."

"Mwaona! Ndiye ndikawauze kuti mwadwala mutu?"

"Sindinadwale mutu." Anakhala pampando, nakwinya mkono wa kazako, naika dzanja lamanja pa tebulo. "Bweretsa kola."

"Amalume?"

"Anthu awa abwera kudzaona ngati mwana wa pakhomo pano ndi wogwira ntchito. Ndikatuluka chonchi adzati mtsikana wake ndi uja amayamba chinthu n'kuchisiya pakati. Mkazi wotero ndani angamutenge? Fulumira. Amayi ako moni wawo ndi wautali, afunsa mpaka za mbuzi."

Yolanda anawayang'ana, anayang'ana chitseko, napukuta misozi ndi chigongono. Anatola kabotolo ka utoto n'kukakhutchumula.

"Musagwedezeke."

"Ndilankhule kapena ndisalankhule?"

"Sungani mawu, mukawagwiritsa ntchito panja."

A Chakondwa anaomberedwa m'manja tsiku limenelo ndi phokoso limene sanalimvepo chibadwire. Anayang'anitsitsa, anafunsa kuti ntchitoyi wagwira ndani, anauzidwa zoona zonse kuyambira pa vidiyo mpaka pa parafini, ndipo anati ukwati uchitike mvula isanagwe.

Zikhadabo zinali khumi.