Kiyi Anali M'thumba mwa Bambo Lorenso

Malemu anabadwa pa 9 June 1973 ku Tengani, kwa makolo ochokera ku Mozambique. Dzina lawo lonse ndi bambo Lorenso Alufazema. Sukulu anayambira konko, koma anasiyira Form 2 poti mutu wawo unali pa mawaya basi. Mu 1995 anakhoza trade test ya zamagetsi, n'kugwirako ntchito ku esiteti ya nzimbe ndi ku Kapichira.

Mu 1998 anamanga banja ndi mayi Filomena. Mu 2011 anatenga a Geresomo, mwana wa mnzawo, omwe ankapalasa kabaza pa Bangula, n'kuwaphunzitsa ntchito. Ankadyera mbale imodzi. Lamulo loyamba lomwe anawaphunzitsa linali lakuti ukazimitsa main switch umatseka ndi loko wako, kiyi m'thumba, ndipo loko wa mnzako sukhudza, olo bwana akalipe bwanji.

Mu 2023 kontilakita wina anawalemba ntchito yokulitsa malo oyeretsera madzi a m'tauni: thiransifoma yatsopano, ma panel, mapampu akuluakulu. Malemu anachita kuchonderera kuti a Geresomo alembedwenso. A Geresomo atakwezedwa kukhala folomani, malemu anapha mbuzi, imagine.

Pa 6 November 2024 kunabwera alendo odzaona ntchito. Malemu anali kuseri kwa panel ya pampu yachitatu akumanga mawaya, switch atatseka. Mabwana anafuna kuti alendo aone madzi akutuluka. A Geresomo sanaitane, sanazungulire n'komwe kukasuzumira. Anadula loko uja ndi sowo, anzawo akuona, n'kuyatsa.

Malemu anapsa manja ndi pachifuwa. Anagonekedwa kuchipatala cha boma, kenako ku Blantyre. Chitseko cha wodi chikangotseguka ankadzutsa mutu, kuyesa ndi a Geresomo. Sanabwere, even ka message. Chomwe chinafika ndi mawu akuti a folomani auza kampani kuti malemu anaiwala kutseka, eti ukalamba. Malemu anamva ndi makutu awo, n'kutembenukira kukhoma. Anatisiya pa 21 November.

Pochapa ovolosi yawo, mayi Filomena anapeza kiyi m'thumba. Ndi uyu ndanyamulayu. Maloko amenewa kiyi sachoka pokhapokha utatseka, a zamagetsi muli panonu mukudziwa.

Malemu asiya mayi Filomena, ana atatu, Jesinta, Tomasi ndi Leah, komanso zidzukulu ziwiri. Kwa a mpingo, amayi omwe munkasinthana kudikirira odwala, ndi anzawo omwe munawanyamula tsiku lija, zikomo, takhuta kwambiri. A kampani, nkhata yanu taiona, koma zomwe tikudikira si maluwa.

Ena anati kiyi tiike m'bokosi apite naye. Banja lakana. Kiyi atsala kunja kuno mpaka amene anadula loko anene yekha ndi pakamwa pake.

Bambo Lorenso, inu munatseka. Mzimu wanu uuse mumtendere.